Mizere Imene a Ndau Anaiona

Pa maliro a bambo Filimoni Ndau tinakhala padzuwa. Munali mu Okutobala, kumudzi kwawo kufupi ndi Mlangeni, pabwalo popanda ngakhale mtengo umodzi. Amayi anafunda zitenje kumutu, ife amuna tikudzikupiza ndi zipewa. Ndiye kunaimirira mkulu wina wa suti wochokera ku koleji kumene ndinaphunzira limodzi ndi malemuwo. Anati a Ndau anali tate wa mitengo, ndipo nkhalango ya bulugamu imene ili kuseri kwa hositelo ya anyamata aitcha dzina lawo, chikwangwani chake akulemba kale. Anthu anavomera ndi mitu. Ine ndinawerama, ndipo sichinali chisoni chimene chinandiweramitsa. Anali manyazi. Nkhalango imeneyo ili pamunda wa mayi wina wamasiye, aNangozo, ndipo a Ndau amwalira akuyesa kuwabwezera mundawo. Akanatha kudzuka m'bokosimo, akanamukhazika pansi mkulu wa sutiyo.

Ku koleji anabwera ali ndi imvi kale, atapuma ntchito ya uphunzitsi. Tsiku loyamba tinawayesa kholo, moti mnyamata wina anawalandira sutikesi n'kuwafunsa kuti mwana wawo ali m'chipinda chiti. Anamuyankha kuti mwanayo ndi iwo omwe, awalozere bedi. Bedi lakelo linapezeka m'chipinda changa, ndipo ndisaname, ndinadandaula. Ndani angakonde kugona chipinda chimodzi ndi munthu woti pofuna kuvula malaya uyambe wapepesa? Tinawatcha Madala, iwo sanakane.

Unyamata wawo unathera m'migodi ya ku Joni. Kumeneko anabwerako ndi chifuwa chosatha, jombo zakuda ndi mawu angapo otikalipira nawo. Mayeso a folomu folo anawerengera pakhomo ali bambo wa ana kale, ndipo uphunzitsi anaulowa nthawi ya matipate ija, pulayimale itakhala yaulere, ana atasefukira m'makalasi. Digiri sankaifunira ntchito ayi, ntchito anali atatha nayo. Ankati anakumba miyala ya eni, anaphunzitsa ana a eni, tsono akufuna kanthu kamodzi kolembedwa dzina lawo.

Kalabu yosamala zachilengedwe m'mahositelo anaiyambitsa ndi ophunzira okha, popanda mphunzitsi aliyense kuwatuma. Mtsogoleri wake anali Thokozani, mtsikana amene sankaopa kugogoda pa ofesi ina iliyonse. Tinkasiyanitsa zinyalala zowola ndi za pulasitiki, zowolazo n'kukathira m'maenje a manyowa. Madzi a m'mabafa tinawakumbira ngalande yopita kudimba la masamba. Panalinso chikho chimene hositelo yosamala koposa inkalandira chaka chikamatha, ndipo chikhocho chinkangokhalira kwa atsikana. Anyamata ambiri tinalowa kalabuyo chifukwa atsikanawo anali komweko, tisabisane. A Ndau okha ndi amene analowa ndi mtima wonse, ndiye tinaona zakuda.

Ankasamba ataima m'beseni kuti dontho lisatayike, akatha n'kunyamula beseniyo kukathirira mbande. Ukasiya babu ikuyaka masana, ankakuwa kuti "Chayile!", mawu a kumgodi owerukira ntchito. Ukabwereza, babuyo ankaigulula n'kukaisunga m'jombo, ndipo unkaiona utapepesa. Mapepala onse a shuga a pa koleji ankathera kwa iwo. Ankawatsuka, kuwayanika pazenera, kuwadzaza dothi n'kufesamo mitengo. Pansi pa bedi langa, osati lawo, ndi pamene ankaumitsira njere, ati pansi pa lawo panali chinyontho. Mnyamata wina wa ku Lilongwe anataya botolo pawindo, madzulo analipeza m'bulangete mwake litagonekedwa bwinobwino, mutu uli papilo. Anakanganapo ndi ophika chifukwa cha phulusa, anakanganapo ndi mlonda chifukwa chosonkha moto ndi pulasitiki, ndipo mikangano yonseyi ankaiyamba ndi ulemu wonse, chipewa chili m'manja.

Mkangano wawo waukulu unali ndi Thokozani yemweyo. Iye ankafuna mibawa ndi misangu, mitengo yathu yomwe siumitsa nthaka. A Ndau ankaumirira bulugamu. Thokozani akawauza kuti bulugamu amamwa madzi ngati ng'ombe, iwo ankavomera kuti n'zoona, koma mbawa ndi mtengo wa munthu amene ali ndi zaka zodikira, iwo alibe. Ankafuna mtengo woti aukhale pamthunzi ali moyo. Ankakonda kunena kuti pansi pa mgodi pali mdima wambiri koma mthunzi palibe, ndipo munthu amene sanapiteko sangasiyanitse ziwirizi. Popeza nazale yonse inali m'manja mwawo, anapambana ndi iwo.

Njala ya mitengoyi ndinaimvetsa mochedwa, tsiku lina akusoka kolala ya malaya awo. Anakwatira ku Kandeu, chikamwini. Atabwera patchuthi choyamba kuchokera ku Joni, anabzala kamtengo ka pichesi kuseri kwa nyumba imene anamanga ndi thukuta la kumgodi. M'mawa mwake anakapeza katazulidwa, kataikidwa pakhomo mosamala, mizu itakulungidwa m'tsamba la nthochi kuti isaume. Anazula anali malume a akazi awo. Sanawakalipire. Anangowakumbutsa kuti mkamwini amabzala chimanga chimene adye chaka chomwecho, mtengo amabzala ndi mwini nthaka. Kwathu kuno mtengo ndi mboni. Ukaubzala ndiye kuti ukunena kuti malowo ndi ako, ndipo ukadzafa mtengowo udzapitiriza kukunenera. Choncho a Ndau anakhala ku Kandeu ukamwini wawo wonse osabzalako mtengo. Akazi awo atamwalira anawasudzula mwaulemu, iwo n'kubwerera kwawo ndi sutikesi ndi jombo zija. Nkhaniyi anandiuza akuseka, koma ulusi unawapulumuka kangapo pa singano.

Ndiye palibe munthu pa koleji yonse amene ankadziwa tanthauzo la kubzala mtengo pamalo a mwini kuposa iwo. Apa ndi pamene nkhaniyi imandiwawira.

Chaka chathu chachiwiri mbande zinachuluka kuposa malo. Kuseri kwa mabafa kunali kanjira ka anthu a m'mudzi, ndipo kutsidya kwa kanjirako kunali malo odzaza udzu ndi chisoso. Mpanda kunalibe nthawi imeneyo, malire ankadziwika ndi kanjira komweko. Thokozani anakafunsa ku ofesi, ndipo anamuyankha mongomuchotsa pakhomo kuti n'kutheka malowo ndi a koleji, abzale. Loweruka lina mvula itagwa bwino tinawoloka kanjirako, a Ndau patsogolo, khasu paphewa. Ndinawaona ataima pakati pa udzu, akupondaponda ndi jombo, akuyang'ana uku ndi uku. Ndinayesa akusankha poyambira. Ena a ife tinakulira kumudzi ndithu, ndipo mapazi athu anamva kuti pansi pali pokwera ndi potsika, koma pamene wamkulu watsogola mwana safunsa. Kenako anatema dzenje loyamba. Tsiku limenelo anayimba nyimbo za ngoma zimene ife sitinkamva mawu ake, akuponda pansi ngati mnyamata, chifuwa chija chitawaiwala. Sindinawaonepo atakondwa choncho, kale kapena pambuyo pake.

Mwini malo anabwera chilimwe chitalowa, nthawi yososa, mitengo itafika m'chiuno. Tinali tikuthirira ndi madzi a kubafa pamene tinamva mawu kukanjira kuja.

"Odi kuno, eni mitengo!"

Anali mayi wamfupi, duku lakuda kumutu, khasu m'manja. Amenewo ndiwo aNangozo. Munda wawo wa mbatatesi unagona chaka chimenecho chifukwa anali kuchipatala kudwazika amuna awo, amene pomaliza anamwalira. Thokozani anathamanga kukawalandira n'kuyamba kufotokoza.

"Mayi, mitengoyi ithandiza inu nomwe. Imasunga nthaka, imaitana mvula."

"Iwe mwanawe takhala chete, sindinadzere iwe," anatero aNangozo osamuyang'ana n'komwe. Maso awo anali pa a Ndau. "Bambo, awa ndi ana, sindiwaimba mlandu. Koma inu, ndi imvi zanuzi, simunaione mizere? Munda uwu wagona chaka chimodzi chokha. Ndakaika amuna anga m'manda, pobwera ndipeze munda mwaukwiriranso?"

A Ndau anaika kheni yothirira pansi, anavula chipewa. Tinadikira kuti ayankhe monga ankayankhira ophika ndi alonda.

"Mayi, ndamva," ndi zokhazo zimene ananena.

"Kumva mwamva. Nanga ine ndidya bulugamu?"

ANangozo anatembenuka n'kumapita, khasu lawo losagwira ntchito. Ife tinayamba kulimbitsana mtima kuti ofesi inavomera, kuti mayiyo angofuna kutiopseza. A Ndau anatola kheni yawo n'kulowa m'chipinda. Tsiku limenelo mababu anayaka masana onse, osamveka wokuwa.

Lolemba masana, tikuchokera m'kalasi, tinawapeza ali m'mitengo muja akuzula. Bulugamu wofika m'chiuno sazuka mwamasewera, moti anali atagwada, akukoka ndi manja onse awiri, akutsokomola. Vuto linali loti oweruza za chikho ankabwera sabata yomweyo, ndipo kanali koyamba kuti anyamata tikhale ndi chiyembekezo. Tinawathamangira n'kuwagwira mikono.

"Madala, mwapenga kodi?"

"Ndisiyeni, ana inu. Ndinabzala ndine, ndizula ndine."

"Simunabzale nokha, yabzala ndi kalabu!"

"Kalabu inaona mizere? Ndikuti ndisiyeni!"

Sitinawasiye. Munthu wa msinkhu wa agogo athu tinamukoka ngati mbuzi yolowa m'dimba, jombo imodzi n'kutsalira m'matope, atsikana akuonerera pamawindo. Jombo imeneyo sindinaiiwale mpaka lero. Ku ofesi anawauza kuti mitengoyo tsopano ndi katundu wa koleji, akazulanso umodzi sukulu yathera pomwepo. Kalabu inakumana n'kuwachotsa. Mitengo imene anazula tinabwezeretsa, ndipo chikho chija tinatenga. Tinazungulira nacho mahositelo tikuimba, iwo ali m'chipinda chitseko chotseka.

Chomaliza chinali mpanda. Kalabu inali itapempha kale waya wotchinga mbuzi kuti zisadye mbande, ndipo wayayo atabwera anamudutsitsa kuseri kwa mtengo womaliza. Abale a aNangozo anayenda nayo nkhaniyi, koma kulikonse funso linali limodzi: mitengo ili pamenepoyo ndi ya yani? Mwambo womwe uja umene unawaletsa a Ndau kubzala pichesi ku Kandeu ndi umene unawalanda aNangozo munda. Mboni zinali zitaima m'mizere, zikukula tsiku ndi tsiku, ndipo zonse zinkanenera koleji.

Kuyambira pamenepo Loweruka lililonse a Ndau ankatenga khasu kupita kukathandiza pa kachigawo kochepa kamene kanawatsalira aNangozo kunja kwa waya. Ulendo woyamba mayiwo anawabweza. Akuti anawauza kuti khasu lawolo linagwira kale ntchito yokwanira. Sabata yotsatira anapitanso, n'kuyamba kulima kumapeto osalonjera, mpaka mayiwo anatopa nako kuwathamangitsa. Ku hositelo tinkawaseka kuti Madala apeza ukamwini watsopano. Ankangoti inde, koma ukamwini uwu ndi wa mlandu, ulibe mkazi. Thokozani ananena zoona paja za bulugamu. Mitengo itakula, kachigawo kaja kanayamba kuuma, mthunzi n'kukaphimba, timbatatesi n'kumatuluka tating'ono ngati mazira a njiwa. Pomwe ife tinkamaliza maphunziro, aNangozo anali atasamukira ku Bwanje kwa mwana wawo wamkazi, kukagwira ganyu m'minda ya mpunga ya eni. Munthu wobadwira kumtunda kozizira anakakalambira kuchigwa kotentha, malungo osamusiya.

Digiri anaitenga ndithu, koma sindinaione itapachikidwa pena paliponse. Chimene ankachita ndi ichi: chaka chilichonse mvula ikayandikira, ankavala jekete, kukwera minibasi kupita ku koleji kuja, kukakhala pabenchi ya pa ofesi mpaka awalandire. Pempho linali lomwelo, loti adule mitengo ya kutsidya kwa kanjira, waya abwerere m'malo mwake, mayi uja alime chaka chino. Akuluakulu a pa ofesi ankasintha, yankho silinkasintha. Aliyense ankawapatsa mpando, kuwayamikira chifukwa cha mtima wawo wokonda chilengedwe, n'kuwauza kuti tiona. Ophunzira atsopano a kalabu ija akamva kuti kwabwera mkulu amene anabzala nkhalango, ankathamanga kudzajambulitsa nawo pa foni. Iwo ankawakhazika pansi kuti awafotokozere za mundawo, anawo n'kumamvera mwaulemu monga timamvera nkhalamba, kenako belu n'kulira.

Ndinakawaona kumudzi zaka zingapo zapitazo. Ankakhala pamalo a alongo awo, ndipo alongowo anali atawauza kalekale kuti abzale chilichonse chimene akufuna, pano ndi pawo. Koma tinakhala pakhonde, tikusuntha mipando kuthawa dzuwa. Kuseri kwa nyumba kunali nazale yonse, mapepala a shuga ali ndandanda, mibawa, misangu, mapichesi. Bulugamu munalibe. Mbandezo ankagawira anthu ulere, koma asanapereke ankayamba wafunsa kuti munda wake ndi wa yani, ndipo mwini wake wavomera kodi. Ukayankha mozungulira, unkabwerera chimanjamanja. Ndinawafunsa chifukwa chimene sabzalira ngakhale umodzi pabwalo pawo.

"Ndinaiona mizere ija, aphwanga," anatero. "Jombo zinaimva ndisanaione ndi maso. Ndinadziwa kuti pali mwini, ndinadziwanso kuti mwini akasiya munda chaka chimodzi ndiye kuti kwagwa zovuta. Koma ndinati ndibzaleko kamodzi kokha ndisanafe. Malume aja ku Kandeu anandikulungira mizu m'tsamba. Ine mayi uja ndinamukulungira chiyani?"

Ndinayesa kuwatonthoza kuti tinali ambiri tsiku lija, ofesi nayo inavomera. Anakweza dzanja kundiletsa. Anati mthunzi adzaukhala tsiku limene aNangozo adzalime munda wawo, lisanafike tsikulo dzuwa liwaotche ndithu. Ndinkayesa ndi mawu chabe a munthu wokalamba. Ndinazindikira pa maliro paja, thukuta likutsika m'khosi, kuti sankanena zocheza.

ANangozo anabwera ku malirowo. Anakwera kuchokera ku Bwanje pa kabaza ndi minibasi, atakalamba, atada ndi dzuwa la kuchigwa, akuyenda ndi ndodo. Anakhala pakati pa amayi a mpingo, ndipo mkulu wa suti uja ankayankhula osadziwa kuti mwini munda ali pomwepo akumva. Titabwera kumanda, anthu akusamba m'manja, anandikodola.

"Inu, simunali m'gulu lomwe lija la ana a mitengo?"

"Ndinali momwemo, mayi."

"Ndakuzindikirani. Dzinalo aike pa nkhalangoyo, sindikukana. Bambowa anandilakwira, koma anandilimira, ndipo chaka ndi chaka ankanditumizira uthenga kuti apitanso ku ofesi. Ndinkadziwa kuti sizitheka, komabe ndinkati alipo munthu mmodzi amene akukumbukira kuti mundawo ndi wanga." Anayang'ana kumapiri kumene mitambo inayamba kusonkhana. "Mvula ili pafupi. Chaka chino ku ofesi kuja apita ndani?"

Ndinayang'ana nsapato zanga. Ndinaganiza za ntchito, za ulendo, za Thokozani amene anatumiza nkhata ya maluwa koma osabwera, za anzanga onse amene tinagwira mikono ija. Ndiye ndinamva pakamwa panga pakutuluka mawu.

"Tiona, mayi."

Sanakwiye. Anangogwedeza mutu ngati munthu amene wamva nyimbo yoidziwa, n'kutola ndodo yawo. Ndikanakonda akananditukwana.

Ndisananyamuke ndinazungulira kuseri kwa nyumba. Beseni lija linali lovundikira pafupi ndi bafa la udzu. Jombo zinali pakhonde, imodzi itagwa cham'mbali, ndipo palibe amene anafuna kuzitenga. Mbande zinali m'malo mwake m'mapepala a shuga, koma masiku a maliro panalibe wozithirira, moti masamba anali atalendewera. Ndinayesa kunyamula kapichesi kamodzi kuti ndikaike pamthunzi wa khoma, koma kanakana. Mizu inali itaboola pepala n'kugwira nthaka yokha, mwini wake asanailole. Ndinakasiya pomwepo. Kutsogolo kwa nyumba adzukulu anali atachotsa mabenchi, pabwalo patangotsala mapazi a anthu m'fumbi. Bwalo lake ndi lalikulu, loseseka bwino, lokwana mitengo yambiri, ndipo ponseponse palibe dzenje ngakhale limodzi.